Tebulo likunjenjemera ndikakweza gain: tigule servo valve kapena vuto lili kwina?

Fitala_Wausiku:
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yachiwiri tsopano. Tili ndi makina a haidiroliki okankha tebulo lolemera makilogalamu 1,500 pamodzi ndi katundu, ndipo tebulolo liyenera kuima pamalo ake osaphonya kuposa theka la milimita. Silinda ndi ya 63/45 (pisitoni mamilimita 63, rodi 45), sitiroko mamilimita 600. Valavu ndi ya proportional (imatseguka molingana ndi signal yamagetsi), saizi NG10, ili ndi LVDT (sensa ya malo) pa spool (kachitsulo kotsetsereka kotsegula ndi kutseka njira za mafuta), khadi yake ya amplifier ili m'kabati. Pampu imapereka ma bar 160. Ndikakweza gain (mphamvu yomwe makina amakonzera kuphonya malo) pa PLC, kakompyuta koyendetsa makinawo, kuti tebulo lifike msanga, limafika n'kuyamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo, mahosi kumachita kuvina. Ndikatsitsa gain kunjenjemera kumatha, koma tebulo limakwawa kumapeto, masekondi awiri athunthu lisanakhazikike. Abwana anga akuti tingogula servo valve nkhani ithe. Ndisanavomere ndati ndimve kaye kwa inu.

Chiphaliwali:
Abwana anuwo akunena zoona. Proportional ndi ya ntchito za bola zayenda. Ikani servo muone, imayankha ngati mphezi.

Madala_Haidiroliki:
Musathamange, achimwene. Ndiyankheni zitatu izi kaye. Likamanjenjemera, likugwedezeka kangati pa sekondi? Valavuyo ili pati, pa silinda penipeni kapena pa thanki? Nanga pakati pake pali mahosi kapena mapaipi achitsulo, aatali bwanji? Kale tinkamata pensulo pa tebulo n'kumakoka pepala pansi pake kwa sekondi imodzi kuti tiwerenge mafunde, koma inu muli ndi trace (graph ya kayendedwe ka tebulo) pa PLC, sizikuvutani.

Fitala_Wausiku:
Madala, ndayang'ana trace. Pakati pa nsonga ziwiri za funde pali mamilisekondi pafupifupi 100, ndiye kakhumi pa sekondi. Valavu ili pa manifold pamwamba pa thanki. Kuchoka pamenepo kupita ku silinda pali mahosi awiri a DN16 (m'kati mwake mamilimita 16), iliyonse mamita 4.

Mai_Injiniya:
Ndiye servo siikuthandizani, ndipo nambala zanu zomwezi zikusonyeza chifukwa chake.

Mafuta timawatenga ngati chinthu chosafinyika, koma amafinyika. Mafuta otsekeredwa mbali ziwiri za pisitoni ali ngati sipuling'i, ndipo tebulo lanulo ndi katundu wopachikidwa pa sipuling'iyo. Pisitoni ya 63 nkhope yake ndi 31.2 cm², mbali ya rodi ndi 15.3 cm². Tebulo likakhala pakati pa sitiroko, m'silinda muli malita 0.94 mbali ina ndi 0.46 mbali inayo. Hosi iliyonse ya DN16 ya mamita 4 imasunga malita 0.8. Taonani bwino pamenepo: mbali ya rodi, mafuta a m'hosi ndi ochuluka kuposa a m'silinda momwe.

Kuuma kwa sipuling'i ndi bulk modulus (muyeso wa mmene mafuta amakanira kufinyika) kuchulukitsa ndi (A1²/V1 + A2²/V2), pomwe A ndi nkhope ya pisitoni mbali iliyonse ndipo V ndi mafuta a mbali imeneyo pamodzi ndi a m'hosi yake. Mafuta oyera opanda mpweya bulk modulus yake ili cha ku ma bar 14,000 mpaka 16,000. Koma hosi imafufuma presha ikakwera, komanso mafuta akugwira ntchito sasowa timpweya, ndiye nditenge ma bar 8,000, nambala yongoyerekeza. Izi zikupereka kuuma kwa pafupifupi 6,000 N pa milimita. Mugawe ndi makilogalamu 1,500, mutenge square root, mupeza ma radian 63 pa sekondi, kutanthauza 10 Hz. Ndi yomweyo mwaiona pa trace.

Chimene chikunjenjemera si spool ayi. Ndi tebulo likudumpha pa mafuta. Servo ya 150 Hz idzangolamula msanga sipuling'i yomweyi ya 10 Hz.

Chiphaliwali:
Koma Mai, mukufuna kundiuza kuti liwiro la valavu lilibe ntchito? Nanga anthu amagulira chiyani ma servo?

Mai_Injiniya:
Lili ndi ntchito pamene valavu ndiyo yotsalira m'mbuyo. Mwachizolowezi timafuna valavu ikhale yachangu katatu kapena kuposerapo poyerekeza ndi frequency ya silinda ndi katundu wake, kuti kuchedwa kwake kusamadye phase ya loop, kutanthauza kuti kukonza kusamafike mochedwa poyerekeza ndi kugwedezeka kwa tebulo. Proportional yokhala ndi LVDT, pa signal yaing'ono, nthawi zambiri imafika kale pa 30 Hz kapena kupitirira. Pa axis ya 10 Hz yakwana. Mukaika servo mupindulako pang'ono pa phase, sindikukana, koma denga la gain limakhazikitsidwa ndi 2 kuchulukitsa ndi damping (muyeso wa mmene kugwedezeka kumazimirira kokha) kuchulukitsa ndi ma radian 63 aja. Damping ya silinda ndi yochepa kwambiri, kawirikawiri 0.05 mpaka 0.2. Pa 0.1, denga lanu ndi pafupifupi 12 pa sekondi. Mukadutsa pamenepo kunjenjemera kumayamba, valavu kaya ndi ya mtundu wanji.

Wophunzira_2:
Pepani kulowerera, ine ndikadali pa maphunziro. Pa datasheet ndimaona mizere ingapo pa graph ya frequency, wina ±5%, wina ±25%, wina ±100%. Wolondola ndi uti?

WaMagetsi:
Yonse ndi yolondola, mng'ono wanga. Spool ikamayenda kamtunda kakang'ono imatha kubwerera msanga, ikamayenda sitiroko yonse solenoid imaperewera mphamvu yoithamangitsa. N'chifukwa chake nambala yokongola yomwe ogulitsa amakonda kuilemba pachikuto imakhala ya signal yaing'ono. Uziyang'ananso zinthu ziwiri, pomwe amplitude yatsika ndi 3 dB ndi pomwe phase yatsalira ndi madigiri 90. Pa closed loop, ya madigiri 90 ndiyo imakuluma. Usaiwalenso kuwerenga timalemba tam'munsi tonena presha yomwe anayezera, makamaka pa valavu ya pilot (yomwe spool yake imakankhidwa ndi mafuta ochokera ku kavalavu kakang'ono), chifukwa pilot ikachepa presha valavu yonse imachita ulesi.

Madala_Haidiroliki:
Mai_Injiniya andilanda mawu m'kamwa, koma ndiwonjezere za mpweya, poti mahosi okha sangatsitse bulk modulus kufika pamenepo nthawi zonse. Achimwene, pitani pa galasi la thanki makina atagwira ntchito kwa ola limodzi. Walitsani tochi. Mafuta abwino mumaona kuseri kwake. Akakhala otuwa ngati muli chifunga, muli timathovu ting'onoting'ono tosaoneka patokha. Kenako gwirani hosi yokokera mafuta ku pampu, muone ngati kilampu yake yamasuka, muonenso ngati paipi yobwezera mafuta ikuthera pansi pa mafuta kapena ikuthira kuchokera m'mwamba. Ndinakumanapo ndi makina omwe anthu anasinthapo valavu kawiri, pomwe vuto linali paipi yobwezera yomwe inaduka m'kati mwa thanki, mafuta n'kumagwa ngati mathithi. Mpweya wochepa chabe, ngakhale gawo limodzi pa 100, umafewetsa mafuta kwambiri presha ikakhala yotsika. Presha ikakwera timathovuto timafinyika ndipo mafuta amaumanso, n'chifukwa chake makina ena amanjenjemera opanda katundu koma n'kumakhazikika akasenza.

Silindayo ili chogona? Madoko ake ayang'ana kumwamba kapena kumbali?

Fitala_Wausiku:
Ili chogona, madoko ayang'ana kumbali. Mafuta pa galasi ndi otuwirako ndithu, sindinkaganiza kuti ndi nkhani.

Madala_Haidiroliki:
Ndiye pamwamba pa silinda pagona mpweya womwe sungatuluke wokha. Onjezani apo kuti mbali ya rodi silinda yonse imatulutsa malita 0.9 basi pa sitiroko yathunthu, pomwe hosi imasunga 0.8. Mafuta omwewo amangopita n'kubwerera m'hosi, ochepa kwambiri ndiwo amafika ku thanki ndi ku fyuluta. Mpweya ndi zinyalala zikalowa m'menemo zakhazikika.

Mai_Injiniya:
Mfundo imeneyo ndinaiphonya, Madala, zikomo. Tiyeni tiwerengenso ngati valavu itakwezedwa pa silinda penipeni, pa kabuloko kachitsulo, mizere n'kutsala ndi malita 0.1 mbali iliyonse, mpweya n'kuchotsedwa kuti bulk modulus ifike ku 14,000. Kuuma kukukwera kufika pa 19,000 N pa milimita, frequency n'kufika pafupifupi 18 Hz. Gain yomwe mungaike ikukwera pafupifupi kawiri popanda kugula valavu ina. Mahosi adzakhalapobe, koma pa P ndi T (doko lochokera ku pampu ndi lobwerera ku thanki), kunja kwa sipuling'i ija. Pamenepo muike accumulator yaing'ono (botolo losunga mafuta a presha) pa P pafupi ndi valavu, kuti spool ikatseguka mwadzidzidzi presha isagwe podikira mafuta ochokera kutali.

Chiphaliwali:
Chabwino, ndagonja theka. Koma kukwawa kwa kumapeto kuja si nkhani ya sipuling'i. Imeneyo ndi overlap, kadera ka pakati komwe spool imasuntha madoko akadali otseka. Servo ilibe overlap.

Mai_Injiniya:
Apo mwalasa. Fitala, spool yanu ndi ya mtundu wanji, ndipo valavu ndi ya malita angati?

Fitala_Wausiku:
Pa chikwangwani palembedwa malita 75 pa mphindi. Spool ndi yotseka madoko onse pakati, buku likuti overlap ilipo. Liwiro lomwe timafuna ndi mamilimita 200 pa sekondi.

Mai_Injiniya:
Ndiye pali matenda awiri enanso. Mamilimita 200 pa sekondi pa pisitoni ya 31.2 cm² ndi malita 37 pa mphindi. Wosankha valavu anaona 37, nati 75 ili ndi malo opumira. Koma 75 ija ndi ya pa ma bar 10 a kugwa kwa presha, ndimo amayezera ma proportional ambiri, pomwe ma servo amayezera pa ma bar 70. Mafuta odutsa amakula motsatira square root ya kugwa kwa presha. Tebulo lanu likungotsetsereka, silikudya presha yambiri, ndiye tinene kuti pa valavu pakugwa ma bar 90. Square root ya 9 ndi 3. Papepala valavu yanu yasanduka ya malita 225, ndipo inu mukugwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a kutseguka kwake. Hysteresis iliyonse (spool kuima posiyana pa signal yofanana, popita ndi pobwerera), kaphokoso kalikonse ka pa signal, zikukula kasanu ndi kamodzi pa tebulo. Valavu ya malita 25 ingakupatseni ulamuliro wosalala kuposa iyi.

Chachiwiri ndi overlap yomwe a Chiphaliwali anena. Tebulo likayandikira pamalo, error imachepa, signal imachepa, spool imabwerera n'kulowa m'dera lotseka tebulo lisanafike. Kenako integrator, mbali ya PLC yosonkhanitsa error yotsala, imayamba kudzaza pang'onopang'ono mpaka spool itatulukanso. Masekondi awiri anu aja akuthera pamenepo. Pa khadi payenera kukhala poikira kulumpha kwa deadband (dera lotseka lija), mbali A payokha ndi B payokha (madoko awiri opita ku silinda). Muikweze mpaka tebulo liyambe kusuntha pa signal yaing'ono kwambiri, kenako mubwezeko pang'ono. Mukapyoletsa, tebulo lidzayamba kusakasaka malo, uku ndi uku, mochedwa, osati mwa 10 Hz muja. Njira yokhalitsa ndi spool ya zero lap, yomwe imapezekanso pa ma proportional apamwamba, koma mukumbukire kuti zero lap siigwira katundu magetsi akazima, pamafunika malo a fail-safe kapena valavu yotsekera.

WaMagetsi:
Ndiponyepo za dither, poti palibe waitchula. Spool ikaima imamatirira, ndipo kuti inyamuke pamafunika mphamvu yoposa yoiyendetsa ikanyamuka kale. Dither ndi kafunde kakang'ono komwe timakweza pa current kuti spool izingonthunthumira osagona. Frequency yake ikhale yoti spool ikuimva koma silinda sikuimva. Pa axis ya 10 kapena 18 Hz, dither ya cha ku 100 Hz kupita m'mwamba ili kutali mokwanira, koma yambirani pa nambala ya wopanga valavu. Ine ndimayesa ndi chala: ndikagwira paipi yachitsulo ya A ndimve kulira kwa njuchi pang'ono, ndikagwira rodi ndisamve kanthu. Ikamveka pa rodi yachuluka, mukungodya m'mphepete mwa spool.

Kaduka_Forklift:
Ndikwereko pa nkhani yanuyi. Ine valavu yanga ilibe LVDT, ndimaiyendetsa ndi PWM (kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi mwachangu) kuchokera pa controller mwachindunji, ndinaika diode pa koilo. Kutseguka imatseguka bwino, koma kutseka imachedwa moonekeratu. Sipuling'i yatopa?

WaMagetsi:
Sipuling'i isiyeni, achimwene, wolakwa ndi diode yanuyo. Koilo ndi inductor, current siisintha nthawi imodzi. Tiyerekeze koilo ya 60 mH ndi ma ohm 4: L kugawa ndi R ndi mamilisekondi 15. Potsegula muli ndi ma volt 24 okankha current, ndiye imakwera msanga. Potseka, diode wamba imalola current kuzungulira m'koilo ndi volt yosakwana imodzi yoiletsa, ndiye imafa pang'onopang'ono, mamilisekondi 40 kapena kuposa, spool ikadali yokokedwa. Makhadi abwino amatembenuza voltage pa koilo potsitsa current, kapena amagwiritsa ntchito Zener. Chinanso, muzilamula current osati duty cycle (gawo la nthawi lomwe magetsi ali oyaka). Koilo ikatentha resistance ya kopa imakwera pafupifupi 0.4% pa digiri iliyonse, ndiye ikatentha ndi madigiri 50 mwataya gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi la current pa duty yomweyo. N'chifukwa chake makina amayenda mwina m'mawa, mwina masana.

Kaduka_Forklift:
Zam'mawa ndi masanazo ndi zanga ndendende. Ndimanamizira mafuta.

Madala_Haidiroliki:
Mafuta nawo musawachotse pa mlandu. VG 46 imakhala 46 cSt pa madigiri 40 okha, kukazizira imalemera kangapo, ndipo timabowo ta damping ndi ta pilot timamva kusinthako.

Koma ndibwerere kwa a Fitala pa za servo, chifukwa pali china chomwe abwana anu sanawerengere. Servo ya nozzle ndi flapper, mtundu womwe Bill Moog anayamba kupanga mu 1951, ndi chida chabwino zedi, koma mipata yake ndi ya ma micron ochepa. Imafuna mafuta a ISO 4406 (muyeso wa zinyalala m'mafuta) cha ku 16/14/11. Proportional imapirira 18/16/13. Munayezetsapo mafuta anu?

Fitala_Wausiku:
Lipoti la miyezi itatu yapitayo likuti 21/19/16.

Madala_Haidiroliki:
Mayo ine. Nambala iliyonse ikakwera ndi imodzi, zinyalala zawirikiza kawiri. Kuchoka pa 16 kufika pa 21 ndi ka 32. Servo mukanaiika m'mafuta amenewo ikanatseka nozzle imodzi n'kuthamangitsira tebulo kumapeto ndi liwiro lonse. Ngakhale valavu muli nayoyi ikuvutika. Tizinyalala tating'ono timadzazana mu mpata wa spool ikaima kanthawi, ndiye kunyamuka kwake kumakhala kodzidzimuka. Tsiku lomwe muzisuntha valavuyo, itsegulireni pamalo oyera, mukankhe spool ndi chala. Yabwino imatsetsereka yokha mukapendeketsa bodi. Mukamva ikugwiragwira, kapena mukaona utoto wabulauni womata pa ma land (mbali zokhuthala za spool zotseka madoko), ndi varnish ya mafuta opsa. Musaipale ndi sandpaper, ndawaonapo anthu akutero, m'mphepete mwakuthwa muja ndimo muli valavu yonse. Ndipo mafuta atsopano a mu dilamu musawayese oyera, muziwathira kudzera mu fyuluta.

Wophunzira_2:
Funso lina. Bwanji osangokweza presha ya pampu kuti zonse zichite changu?

Mai_Injiniya:
Presha yokwera imaumitsako mafuta a mpweya ndipo imathandiza pilot, koma kwa a Fitala ikulitsa vuto la valavu yaikulu lija. Palinso flow force. Mafuta akamatuluka pa kampata ka spool amathamanga mopendekera, pafupifupi madigiri 69 pa m'mphepete wakuthwa, ndipo amakokera spool kotseka. Mphamvuyo imakula ndi kutseguka komanso ndi kugwa kwa presha. Pa valavu yoyendetsedwa ndi solenoid mwachindunji imafika poti solenoid yalephera, mukulamula 100% koma spool yakana kupitirira. N'chifukwa chake ndinati malita 225 aja ndi a papepala, ndipo datasheet imakhala ndi graph ya malire a mphamvu. Opanga amalimbana nazo posema timipata pa spool ndi kukonza maonekedwe a sleeve, ife ogwiritsa ntchito chathu ndi kusadutsa malirewo.

Fitala_Wausiku:
Ndabweranso patatha masiku 9. Abwana anavomera kuti tiyese kaye zotchipazi. Tinapanga kabuloko, valavu ili pamsana pa silinda, mapaipi achitsulo aafupi. Silinda tinaitembenuza madoko kuyang'ana kumwamba, potulutsa mpweya panatuluka thovu kwa nthawi ndithu. Kilampu ya hosi yokokera inalidi yomasuka, Madala, ndinaizungulitsa ndi dzanja. Taika accumulator ya lita imodzi pa P ndi fyuluta ya pambali yomwe ikuzungulitsa mafuta usana ndi usiku. Spool inali ndi utoto uja pang'ono, tinatsuka ndi mankhwala ake.

Trace tsopano ikuonetsa 16 Hz ndikaikankha dala kuti injenjemere. Gain ndakweza kuchoka pa 8 kufika pa 14 popanda vuto, ndipo nditakonza deadband kukhazikika kwatsika kufika pa theka la sekondi. Chatsala n'chakuti potuluka rodi tebulo limaima bwino, koma pobwerera limagunda pang'ono ngati lapunthwa, ndipo geji ya mbali ya rodi imadumpha.

Chiphaliwali:
Ndiye servo yanga yagwa mphwayi. Koma 16 si 18, Mai.

Mai_Injiniya:
Ma Hz awiriwo apita ku mabulaketi a silinda ndi chimango cha makina, nazonso ndi sipuling'i, sindinaziwerengere. Fitala, ikani dial gauge kumbuyo kwa silinda muone ngati bulaketi ikusuntha pobweza.

Kugundako ndikukayikira spool. Silinda yanu ili ndi nkhope za 2:1, koma ngati spool ndi yofanana mbali zonse, presha za m'zipinda ziwirizo zimalumpha nthawi iliyonse mukasintha kolowera, ndipo poimitsa katundu wolemera mbali ina imatha kukwera kwambiri pomwe inayo ikugwera ku vacuum. Pogula ya malita 25 ija mufunse spool ya 2:1, ndipo muonetsetse kuti doko A lapita ku mbali ya pisitoni. Pakadali pano ikani gain yosiyana pa mbali ziwirizo, yobwerera ndi yotuluka, chifukwa liwiro pa signal yofanana limasiyana ndi square root ya 2, pafupifupi 1.4. Muikenso ramp yooneka ngati S pa setpoint (malo olamulidwa) ndi feedforward ya liwiro (kutumiziratu signal ya liwiro lofunika osadikira error), kuti loop isamagwire ntchito yonse ndi error.

WaMagetsi:
Ngati PLC ili ndi ma analog input awiri opuma, ikani ma sensa a presha pa A ndi B. Muwerenge mphamvu, presha kuchulukitsa ndi nkhope mbali iliyonse, muidutsitse mu high-pass filter, muichotse pa signal ya valavu. Imeneyo ndi damping yopanga ndi magetsi, imagwira ntchito yomwe ena amaichita poboola kabowo pakati pa A ndi B, koma osataya mafuta. Chenjezo ndi scan time. PLC yanu ikuzungulira loop imeneyi pa mamilisekondi angati?

Fitala_Wausiku:
10.

WaMagetsi:
Pa 16 Hz funde limodzi ndi mamilisekondi 62, ndiye kuchedwa kwa 10 kokha ndi madigiri pafupifupi 58. Damping yanu idzasanduka chokankha. Isamutsireni ku task ya mamilisekondi 1 kapena 2 musanayese za presha, muonenso kuti sensa ya malo ikutumiza kangati pa sekondi. Mukatero mutumize trace ya setpoint, malo, signal ya LVDT ndi presha ziwirizo pa graph imodzi, yobwerera makamaka.

Fitala_Wausiku:
CPU yathu ikulola 2. Ndiyesa Loweruka makina akaima, ma sensa ndabwereka kale. Mai, dial gauge ija ndaika lero, bulaketi yakumbuyo ikusuntha mamilimita 0.15 pobweza. Mabawuti ndi omanga, ndiye mwina pini yadyeka.

Madala_Haidiroliki:
Pini kapena bush yake. Muyeze zonse ziwiri musanaitanitse, ndipo deadband ija mudzaikonzenso mukasintha, chifukwa mwina munaikweza pobisa kugwedera kwa piniyo.